Amayi ndi uvuni wa pa ngodya ya msewu wathu

Pa msewu womwe ndimakhala ku Orange Grove, mu Johannesburg, pali kanyumba ka pa ngodya komwe kale ankasokeramo nsapato. Zaka zingapo zapitazo anakapaka laimu, anaboola denga n'kutulutsa chumuni, ndipo kuyambira pamenepo ikangokwana 4 koloko madzulo msewu wonse umamveka utsi wa nkhuni. Utsiwo ndi umene unayamba kundikoka, chakudyacho chinabwera pambuyo. Munthu wokulira ku Tsangano ukamva utsi wa bulugamu dzuwa likupendeka, miyendo imachepetsa yokha liwiro. Ndinkatsika minibasi pa Louis Botha Avenue, kudutsa pakhomopo ndi majumbo anga, kusuzumira pawindo, kuona lawi likunyambita denga la uvuni, kenako n'kupitirira kunyumba kukatereka nsima.

Zaka zitatu zathunthu ndinkangodutsa. Sikuti ndalama ya pizza imodzi ndinalibe. Pizza ndinkaidziwa kale, ija ya m'katoni yomwe timasonkherana kuofesi mwezi ukatha, imafika pa njinga yamoto itafunda, tchizi atayamba kuuma. Ndinkaidya, ndinkakhuta, koma sindinaiganizirepo kawiri. Ndiye ndinkayesa kuti ya pa ngodyayo ndi yomweyo, kungoti amaigulitsa modula. Komanso, kunena zoona, ndinkaona anthu okhala pa matebulo aja n'kumva mumtima kuti malo amenewo si anga. Palibe anandithamangitsapo. Ndinkadzithamangitsa ndekha, ndipo ambiri a ife okhala kuno timachita zimenezi tsiku ndi tsiku osazindikira.

Amene anandilowetsa pakhomo limenelo ndi amayi anga.

Anabwera mu Novembala 2023, mitengo ya jakaranda itayala maluwa ake m'misewu. Anayenda pa basi masiku awiri, kudzera ku Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudzagona pamzere ku Beitbridge. Anatsika ndi miyendo yotupa, atanyamula ufa woyera, nyemba, mfutso ndi usipa wouma woti tidye mpaka Khirisimasi. Chaka chimenecho kuno magetsi ankathima kuposa zaka zonse zomwe ndakhala m'dziko lino, tsiku lina kawiri, lina katatu. Lachinayi lina anathima 6 koloko ndendende, madzi a nsima asanawire n'komwe pa sitovu. Mvula ya mabingu ija ya kuno inali itangokata. Tinatuluka pakhonde, ine, amayi ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka zisanu ndi zinayi. Msewu wonse unali bii, kupatula pa ngodya paja pomwe pankawala chikasu.

"Pali moto paja akuphikapo chiyani?" anafunsa amayi.

Ndinawauza kuti ndi chakudya cha ku Italy, chodula, mwina sachikonda. Anangolowa m'nyumba, kumanga chitenje chatsopano, kuvala mpango wawo wa ku tchalitchi, n'kunena kuti, "Pomwe pali moto pali chakudya. Tiyeni."

M'katimo muli matebulo asanu ndi awiri okha. Kumapeto kwa chipinda kuli uvuni, wozungulira ngati chulu, womangidwa ndi njerwa, kukamwa kwake kochepa moti munthu sangalowetse mapewa. Pambali pake aunjika nkhuni zowaza bwino mpaka m'chiuno. Mtsikana woperekera zakudya anatilozera tebulo la pawindo, lomwe anthu amalikonda, koma amayi anapukusa mutu n'kupita okha kukakhala pa tebulo loyandikana ndi uvuni, pomwe pamatentha ndipo ambiri amapathawa. Anakhala moyang'ana motowo ngati ali pa mafuwa kwawo.

Mwini malowo ndi bambo wa imvi, wobadwira mom'muno, koma agogo ake anachokera ku Italy. Dera lathuli lili ndi mbiri imeneyo. Anthu a ku Italy anayamba kufika ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1890, ena a iwo kudzagwira ntchito pa fakitale ya zophulitsira miyala ya ku Modderfontein, yomwe inkadyetsa migodi ya golide. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a ku Italy zikwizikwi anasungidwa ngati akaidi ku Zonderwater, kufupi ndi Cullinan, ndipo nkhondo itatha ena anatsalira, ena anapita kwawo n'kudzabweranso. Ambiri anakhazikika ku Orange Grove, mpaka deralo linkatchedwa Italy wamng'ono. Lero ambiri mwa ana awo anasamuka, m'nyumba zawo tikukhalamo ife, a ku Malawi, a ku Zimbabwe, a ku Congo, a ku Nigeria. Ndikaganiza bwino, migodi yomwe inakoka agogo a bamboyu ndi yomweyo inakoka agogo anga aamuna pa Wenela. Onse anabwera ku Joni kudzasaka, ndipo zidzukulu zawo tinakumana pa uvuni umodzi usiku wa mdima.

Koma amene ankaphika si bambo wa imviyo. Pa thebulo la mwala kutsogolo kwa uvuni panaima mnyamata wamtali, woonda, atavala epuloni yoyera ndi ufa mpaka m'zigongono. Amayi anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anayamba kundifotokozera zomwe akuchita, mokweza, m'Chichewa, ngati tili pa msika wa Lizulu.

"Taona sakugwiritsa botolo kapena mpini. Akungotambasula ndi zala. Uyu amadziwa."

Ine mtima unagunda. Amene sanakhalepo kuno mwina sangamvetse. Kuchokera mu Meyi 2008, pomwe ziwawa zothamangitsa obwera zinayambira ku Alexandra, kumtunda kwa msewu womwewu wa Louis Botha, n'kupha anthu oposa 60, ambiri a ife tinaphunzira kutsitsa mawu. Zinabwereranso mu 2015, zinabwereranso mu 2019. Mu minibasi foni ya kumudzi ikalira umayankha monong'ona, kapena umadula n'kudzaimba ukafika. Ine ndinazolowera zimenezo moti sindinkadziwanso kuti ndimachita. Amayi sankadziwa za lamulo losalembedwa limeneli, ndipo ngakhale akanadziwa sindikhulupirira kuti akanalimvera.

Mnyamata uja anaimitsa manja. Anatembenuka, nkhope yonse itamasuka, n'kugwira dzanja lamanja ndi lamanzere monga timachitira kwathu.

"Mwaswera bwanji amayi?"

"Iii! Ndiwe wakwathu mwanangu? Kwanu n'kuti?"

"Ku Mangochi amayi, kumtunda kwa Namwera."

Zaka zitatu ndinkadutsa pawindo limenelo, kumuona msana munthu ameneyu, osadziwa kuti ndi achimwene akwathu. Siziyenera kudabwitsa kwenikweni. Lowani kukhitchini kwa malesitilanti ambiri a Johannesburg ndi Cape Town, mukapeza Amalawi ndi anthu a ku Zimbabwe akutsuka mbale, akusenda anyezi, akuwotcha nyama. Kungoti odya sawaona, ndipo nanenso ndinali nditasanduka mmodzi wa osaonawo.

Kuyambira pamenepo menyu sinagwirenso ntchito. Amayi anamuuza kuti atiphikire chimene iye mwini amachiona kuti ndiye chenicheni. Anati atipatsa ziwiri zakale kwambiri, Margherita ndi marinara, ndipo mwana wanga, yemwe anali atayamba kale kulira ya nanazi, amupangira yakeyake. Pa za nanazizo anthu amakangana kwambiri, ena amati n'kunyoza chakudya cha eni. Inayambira ku Canada mu 1962, kwa munthu wochokera ku Greece, ndipo kuno ku South Africa anawonjezanso zawo, mapeyala, nyama yankhumba, ngakhale nthochi. Ine pa mkangano umenewo ndilibe mbali. Mwana anadya, anakhuta.

Chomwe ndikufuna kukamba ndi chimene ndinaona pa thebulo la mwala lija, chifukwa amayi anandikakamiza kuchiona. Ankafunsa mafunso ngati munthu wofuna kukaphika mawa lomwe. Kwathu ku Tsangano, kumapiri ozizira a m'malire ndi Mozambique, ndi amodzi mwa malo ochepa m'Malawi komwe anthu amalima tirigu, pambali pa mbatatesi ndi kabichi. Amayi anakulira kupuntha tirigu, kumupeta, kukagayitsa, n'kuphika masikono mumphika, makala pansi makala pa chivundikiro. Ufa wa tirigu amaudziwa ndi zala.

"Wathiramo chiyani mu ufawu?"

"Zinayi basi amayi. Ufa, madzi, mchere ndi yisiti pang'ono."

"Shuga? Mafuta? Dzira?"

"Ayi. Chinacho ndi nthawi."

Anakoka bokosi lathabwa pansi pa thebulo n'kutionetsa. Munali timibulu ta ufa wokanda, tosalala, tokhala m'mizere ngati mazira a nkhanga, kalikonse kolemera pafupifupi magalamu 250. Anati anakanda dzulo lake masana. Yisiti amaika wochepa kwambiri, woti ungamutsine ndi zala ziwiri, kuti ufawo ufufume pang'onopang'ono usiku wonse ndi tsiku lonse. Ukathira yisiti wambiri umatupa m'maola awiri, koma umakhala wopanda kukoma ndipo umalemera m'mimba. Amayi anagwedeza mutu. Anati ndi chimodzimodzi thobwa: la lero ndi phala chabe, la mawa ndiye thobwa. Anamufunsanso ngati muyeso wa madzi umakhala umodzimodzi chaka chonse. Anaseka, n'kunena kuti m'mwezi wa Juni, kuno kukazizira n'kuuma, ufa umamwa madzi mosiyana ndi nthawi ya mvula, ndiye sikelo imangomuyambitsa, chomaliza amamva ndi dzanja.

Anatenga kambulu kamodzi, kukagwetsa pa ufa, n'kuyamba kukadinda ndi nsonga za zala kuchokera pakati kupita kunja. Anatiuza kuti akukankhira mpweya kumphepete, n'chifukwa chake mpini suloledwa, umaphwanya mpweya wonse womwe wasonkhana usiku uja. Kenako anakamenya kuchokera dzanja lina kupita lina, katatu kapena kanayi, ndipo kanatambasuka kukhala kozungulira ngati lichero laling'ono, pakati popyapyala, m'mphepete monenepa. Anathira chipande chimodzi cha tomato wofinya, wosaphika, wongothira mchere, n'kumuzungulitsa ndi msana wa chipandecho. Anang'amba tchizi woyera ndi manja, kuponya apa ndi apo, masamba atatu obiriwira, n'kudontheza mafuta a azitona. Zonsezi sizinathe mphindi imodzi.

Ndiye moto. Nkhuni zimayaka mbali imodzi ya uvuni, lawi limakwera n'kupinda motsata denga, n'kutsikira mbali inayo. Amauyatsa masana kuti njerwa zimwe kutentha kwa maola angapo, ndipo anati amadziwa kuti wakonzeka mwaye wa kudenga ukapsa n'kuyera. M'katimo mumatentha kupyola madigiri 400, pomwe uvuni wa magetsi wa m'nyumba sufika ngakhale 300. Anasolola pizza ija pa chinthu chonga fosholo yafulati ya mpini wautali, kuilowetsa, n'kuisiya pansi pa njerwa ndi kagwedezo kamodzi. Tinaona ndi maso athu m'mphepete mukutupa ngati chule. Anasintha fosholo, kutenga yaing'ono yachitsulo, kuitembenuza kuti mbali inayo iyang'ane moto, kuitembenuzanso, kenako anaikweza m'mwamba kufupi ndi denga kwa kamphindi kochepa, n'kuitulutsa. Mwana wanga ankawerenga mokweza. Anafika pa 80.

Amayi anawomba m'manja kamodzi. "Uku ndiye kuphika ndi maso," anatero.

Ndakhala ndikuwaganiza mawu amenewo. Uvuni wa nkhuni ulibe batani. Malo ena pansi pake ndi otentha kuposa ena, ndipo pomwe wangochotsapo pizza pamakhala patazizirako. Chikuni chimodzi chikanyeka kwambiri zonse zasintha. Wophikayo amayenera kuwerenga motowo mphindi iliyonse, monga mayi wovundula nsima ya pamaliro mumphika waukulu amadziwira nthawi yosonkhezera ndi nthawi yophula chikuni, popanda womuuza. Masekondi khumi ochedwa, chakudya chapserera. Masekondi khumi ofulumira, pakati pali paliwisi. Luso limeneli kwathu timaliona tsiku lililonse moti sitilitcha luso. Ku Naples, mzinda wa ku Italy komwe chakudyachi chinachokera, analitcha luso, anakhazikitsa bungwe lolisamala mu 1984, ndipo mu 2017 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalemba ntchito ya ophika pizza a mumzindawo pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Chomwe analemba si chakudyacho ayi, koma ntchito ya manja ya wophikayo, yomwe m'chinenero chawo amamutcha pizzaiolo.

Mbale zitafika, mtsikana uja anaika mafoloko ndi mipeni. Amayi anaziyang'ana, n'kufunsa komwe kuli madzi osamba m'manja. Ndisanayambe kufotokoza, achimwene aja anali atatuma kale kabeseni ndi jagi kuchokera kukhitchini. Anabwera okha, kuwathirira amayi madzi atawerama, kenako ine. Anthu a pa tebulo loyandikana nafe anasiya kulankhula n'kumayang'ana, ndipo sindinachite manyazi ngakhale pang'ono. Anatiuza kuti kudya ndi manja ndiye kwenikweni, kuti ku Naples m'misewu amaipinda kanayi ngati chikwama cha ndalama n'kumadya akuyenda. Anatichenjezanso kuti tisachedwe ndi nkhani. Pizza yotere moyo wake ndi mphindi zisanu. Ikazizira yafa, ngati nsima.

Ndinang'amba chidutswa, kuchipinda, n'kuluma. Pansi pake panali kakhirichi kochepa kwambiri, kenako kufewa. M'mphepete munali mphako za mpweya, mopepuka, mokoka pang'ono ukamatafuna, mokoma ngati buledi amene wangophulidwa koma mowawasa chapatali. Tomato ankamveka ngati tomato, wa m'dimba, wotsekemera ndi wowawasa nthawi imodzi. Tchizi sanali wotanuka ngati labala, anali wofewa, wamkaka, wongosungunuka. Ndipo pamwamba pa zonsezo panali utsi. Ndinazindikira kuti chomwe ndinkadya m'katoni zaka zonsezi chinali chakudya china, chabwino m'njira yake, koma chongofanana dzina.

Amayi anayamba ndi kuitembenuza kuti aone kunsi. Panali madontho akuda ngati khungu la kambuku. Ndinkayembekeza kuti anena kuti yapserera, chifukwa kwathu sikono yakuda ndi manyazi a wophika. Anaswa kachidutswa ka m'mphepete, kutafuna pang'onopang'ono, n'kunena kuti, "Iyi ndi nkhoko." Amene anakulira kulimbirana nkhoko za mumphika wa nsima akudziwa kuti pamenepo anayamikira kwambiri. Kenako anatola tsamba lobiriwira lija, kulifikisa pakati pa zala, kulinunkhiza, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira tebulo.

"Mpungabwe! Azungu amadya mpungabwe? Ife timathamangitsira udzudzu!"

Sanalakwe kwenikweni. Tsambalo amalitcha basil, ndipo basil ndi mpungabwe ndi pachibale, mbewu za mtundu umodzi, kungoti uyu wa masamba aakulu fungo lake ndi lofatsa. Anadya tsambalo, n'kupempha lina.

Za dzina la Margherita achimwene aja anatiuza nkhani yomwe imakambidwa paliponse: kuti mu 1889 mfumukazi Margherita ya ku Italy itapita ku Naples, wophika wina dzina lake Raffaele Esposito anaiphikira pizza ya mitundu itatu ya mbendera yawo, kufiira kwa tomato, kuyera kwa tchizi ndi kubiriwira kwa masamba. Akatswiri ena a mbiri amaikayikira nkhaniyi, ndipo pizza yotere inkadyedwa kale chaka chimenecho chisanafike. Amayi za mfumukazi sanazilabadire. Chomwe chinawagwira mtima ndi marinara, yopanda tchizi n'komwe: tomato, adyo wodula mopyapyala, timasamba touma tonunkhira ndi mafuta basi. Atamva kuti chimenechi chinali chakudya cha amphawi a mumzinda wa padoko, anthu ogona m'tizipinda topanda khitchini, ogula chakudya pamsewu ndi timakobiri, anaika chidutswa chawo pansi n'kuchiyang'ana.

"Ndiye kuti ndi nsima ya tomato," anatero. "Ya tsiku lomwe ndiwo zasowa."

Ine marinara ndi imene ndinaikonda koposa, ndipo mpaka lero ndi imene ndimaitanitsa. Ilibe pobisala. Ufa ukakhala wosafufuma bwino, tomato akakhala wosapsa, moto ukalakwika, palibe tchizi kapena nyama yophimba cholakwacho. Pali chinanso chomwe ndimaganiza ndikamaidya. Tomato si wa ku Italy. Anachokera ku America m'zaka za m'ma 1500, ndipo kwa nthawi yaitali anthu a ku Ulaya ankamuopa kuti ndi poizoni. Chimanga chathu nachonso chinachokera komweko, pa zombo za Apwitikizi, agogo athu akale akudya mapira ndi mawere. Lero munthu wa ku Naples sangaganize za kwawo popanda tomato, monganso ife timanena kuti chimanga ndi moyo. Mbewu ziwiri zobwera, zonse zinasanduka eni mudzi.

Bilu itabwera amayi anaumirira kuti aione. Pizza imodzi inali R140. Anandifunsa kuti pa kwacha ndi zingati, ndinawauza, ndipo anakhala chete kwa kanthawi. Kenako anayamba kuwerenga ndi zala: ufa wodzaza manja awiri, tomato atatu, mchere, nkhuni. Ku Lizulu tomato akachuluka alimi amagulitsa beseni lonse pa mtengo wongotaya, ena amaolera m'mbali mwa msewu. Anati ndalama imeneyo kwawo ndi ndiwo za sabata. Sananene mokwiya, ankangoyeza. Ndipo ananena zoona, chakudya cha amphawi a ku Naples chawoloka nyanja n'kukhala cha anthu a ndalama. Koma atamaliza kuwerenga anayang'ana kuuvuni kuja n'kunena kuti, "Komabe sitikulipira ufa. Tikulipira manja aja."

Apa ndi pomwe mtima wanga sukhazikika, ndipo ndinene mosabisa. Anthu atachepa, achimwene aja anabwera kudzakhala nafe pang'ono n'kutiuza za ulendo wawo. Anafika kuno ali ndi zaka 22, n'kuyamba ndi kutsuka mbale pa lesitilanti ina. Zaka ziwiri anali pa sinki. Kenako anamuika kowaza nkhuni ndi kuyatsa moto, kenako kokanda ufa m'mawa. Ankayang'anitsitsa wophika wamkulu, ndipo usiku akatseka ankatenga timibulu totsala n'kumayeserera yekha pa moto wozilala. Anati anaboola mazanamazana asanatulutse imodzi yoti munthu n'kudya. Anationetsa mikono yake, yodzaza timabala ta moto tochira. Lero usiku wa Lachisanu amatulutsa pizza zoposa 100 yekha, ndipo tsiku lomwe iye wapuma makasitomala okhazikika amazindikira. Iye ndi Msilamu, nyama yankhumba yomwe amaika pa pizza za ena sailawa, amangoidziwa ndi maso ndi fungo. Za mwini malowo analankhula zabwino, anati ndi amene anamukhulupirira n'kumupatsa uvuni.

Sindikutsutsa zimenezo. Koma pa chikwangwani panja pali dzina la ku Italy, pa menyu pali mbiri ya agogo a ku Italy, ndipo anthu akamachoka amayamikira bambo wa imvi pakhomo. Ku Naples munthu woima pa uvuni ndiye mwini ulemu wonse, anthu amayenda mtunda kutsata dzina lake. Kuno munthu yemweyo, wa luso lomwelo, akakhala wa ku Namwera amangokhala "mnyamata wa kukhitchini". Ndikufuna kuti odya adziwe kuti chomwe akuchiyamikira chatuluka m'manja mwa ndani. Anatiuza kuti akusunga ndalama, akufuna tsiku lina akamange uvuni wake m'mbali mwa nyanja, ku Cape Maclear kapena ku Mangochi boma, njerwa aumbe yekha, tomato azigula kwa alimi a komweko. Anati anayesapo kale ya usipa ndi tsabola wa kambuzi, kuphikira anzake a kukhitchini, ndipo inatha asanaiike pa mbale. Anthu a ku Naples nawonso amaika tinsomba tating'ono ta mchere pa pizza yawo, ndiye sanapatuke patali.

Magetsi anayaka cha m'ma hafu pasiti 8. Msewu wonse unawala, mafiriji anayamba kulira, wina panja anakuwa mokondwa. M'chipindamo palibe chinasintha kwenikweni, moto unali ukuyakabe momwe unalili. Tikunyamuka, amayi anamasula mfundo ya pa chitenje, kutulutsa R50 yomwe ndinawapatsa yogulira zosowa zawo, n'kumufumbatitsa m'manja. Anakana kawiri, kachitatu analandira ndi manja awiri. Kenako anathamangira kuseri n'kubwera ndi kambulu kamodzi ka ufa wokanda atakakulunga m'pepala la pulasitiki.

"Mukayese kunyumba amayi. Musakakandenso, mungotambasula."

M'mawa mwake amayi anapita ndi mbale ya usipa wotendera ndi nsima yokulunga bwino m'nsalu, kukamusiyira asanayatse moto. Masabata atatu otsalawo ankapitako pafupifupi masana aliwonse, ine ndili kuntchito, kukakhala pa mpando wa pafupi ndi nkhuni n'kumaonerera akukanda. Mwini malowo anazolowera, ankawapatsa khofi. Ine ndi mwana wanga timapitako kawiri pa mwezi tsopano, timakhala pa tebulo lotentha lija, ndipo ndimalankhula Chichewa mokweza monga mmene ndimalankhulira kwathu.

Amayi anabwerera kumudzi Khirisimasi isanafike. Mu Ogasiti chaka chotsatira, tirigu atakolola, anandiimbira pa WhatsApp pa foni ya mlongo wanga, Lamlungu madzulo. Anali atagayitsa tirigu wawo, kukanda Loweruka, kusiya usiku wonse m'beseni atavundikira nsalu yonyowa. Uvuni alibe, ndiye anatenga chiwaya chachitsulo chokazingira chimanga, kuchitenthetsa pa mafuwa mpaka kufuka, n'kuvundikira ndi lata lodzaza makala. Tomato wa m'dimba mwawo, adyo wa pa msika, mafuta ophikira wamba, ndi masamba awiri a mpungabwe wa kuseri kwa khola. Anati yoyamba inapserera kunsi pamwamba pali paliwisi, anapatsa agalu. Yachiwiri adzukulu analimbirana. Yachitatu anadya okha, ataimirira, pafupi ndi moto.

"Koma m'mphepetemu simukutupa ngati mwa mwana uja," anatero. "Ukapita ukamufunse ngati ndi ufa wathuwu kapena ndikuchepetsa madzi. Ndipo umuuze kuti mchere ndinaika wa m'dzanja limodzi, andiuze ngati wachuluka."